Nkhani ya Robbie Farah ku Wests Tigers: wosewera wamkulu akatsitsidwa, woyankha ndani?

Pa Leichhardt Oval, bwalo lakale la mumzinda wa Sydney ku Australia, chikwangwani cholembapo mapointi chili pamwamba pa kachitunda komwe ochemerera amakhala pa kapinga. Kumayambiriro kwa September 2016, munthu wina anakwera pachikwangwanipo n'kukhala, mowa uli m'manja, miyendo ili lendelende, akuyang'ana timu yake ikukwapulidwa ndi Canberra Raiders ndi mapointi 52 kwa 10. Munthuyo anali Robbie Farah. Anali atasewerera Wests Tigers masewera 247 kuyambira mu 2003, anali nawo pomwe timuyi inatenga chikho cha NRL, ligi yaikulu ya masewera a rugby league ku Australia, mu 2005, ndipo anakhalapo kaputeni kwa zaka zambiri. Tsikulo sanali wovulala. Mphunzitsi Jason Taylor anali atamutsitsira ku timu yachiwiri kuyambira mu July, kutangotsala masewera atatu kuti akwanitse 250.

Anthu ambiri amaikumbukira nkhaniyi ngati mkangano wa amuna awiri osamwerana madzi. Mkanganowo unalipodi. Koma mphunzitsi akachotsa wosewera wodziwika m'timu yoyamba, chiganizo chooneka pa pepala la Lachiwiri, tsiku lomwe makalabu a NRL amalengeza osewera awo, chimakhala mathero a ziganizo zina zomwe zinapangidwa kale m'maofesi: amene anasainira kontirakiti, amene analemba ntchito mphunzitsiyo, amene anavomera kuti ndalama zitayike, ndi amene anakhala chete pomwe ankafunika kuyankhula. Ku Wests Tigers zonsezi zinaonekera poyera chifukwa bilu yake inabwera pang'onopang'ono kwa zaka zinayi.

Ntchito ya nambala 9

Kuti timve chomwe ankalimbirana, tiyambe ndi m'bwalo. Mu rugby league timu imakhala ndi osewera 13 m'bwalo ndi anayi omwe angalowe kuchokera pa benchi, ndipo masewera amatenga mphindi 80. Timu yomwe ili ndi mpira imaloledwa kugwetsedwa kasanu ndi kamodzi, kenako mpira umapita kwa adani. Wosewera akagwetsedwa amadzuka, kuika mpira pansi, n'kuukankhira kumbuyo ndi phazi. Amene waima kumbuyo kwake kuti autole amatchedwa dummy half, ndipo nthawi zambiri ameneyu amakhala wovala nambala 9, yemwe malo ake amatchedwa hooker. Pa masewera amodzi munthu ameneyu amagwira mpira koposa ka 100, kuposa wina aliyense m'timu, komanso amagwetsa adani ka 40 kapena kupitirira chifukwa amaima pakati, pomwe zimphona zimadutsa.

Pa kamphindi komwe watola mpira, hooker amasankha chimodzi mwa zinthu zingapo: kupatsira kumanja, kupatsira kumanzere, kuthamanga yekha adani asanabwerere mamita 10 omwe malamulo amafuna, kapena kuumenya ndi phazi. Pali ma hooker omwe ntchito yawo ndi kupereka mpira mwachangu kwa nambala 7 kapena nambala 6, basi. Pali enanso omwe amayendetsa timu yonse kuchokera pamenepo. Farah anali wa mtundu wachiwiriwu, ndipo anali katswiri pa zimenezi: ankanamiza adani ngati akupatsira, n'kudutsa yekha, ankamenya mpira kutali ndi phazi lake lamanzere, ndipo anasankhidwa kukhala hooker wopambana mu ligi yonse mu 2007 ndi mu 2010.

Vuto linabwera timu italera anyamata atatu omwe nawonso ankafuna mpira: Luke Brooks pa nambala 7, Mitchell Moses pa nambala 6, ndi James Tedesco pa nambala 1. Mu 2016 Brooks ndi Moses anali ndi zaka 21, Farah anali ndi 32. Malo anayi amenewa, 1, 6, 7 ndi 9, ndiwo msana wa timu, ndipo akapanda kumvana zimaoneka msanga. Nambala 7 amakhala atakonza anzake kumanzere, waitana mpira, koma hooker waona mpata kumanja n'kupita yekha. Mwina wapeza mamita 8, koma dongosolo lomwe linakonzedwa lafa, ndipo kugwetsedwa kumodzi mwa kasanu ndi kamodzi kwapita. Zikachitika kangapo, mnyamata wa zaka 21 amasiya kuitana mpira, chifukwa ndani angakalipire munthu amene anatenga chikho iye ali ku pulayimale? Maganizo a Taylor, monga anawafotokozera atolankhani pa nthawiyo, anali akuti oyendetsa masewera anachuluka ndipo timu inkagwirizana bwino Farah kulibe. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndiye kuno analipo anayi.

Mfundo imeneyi si yopusa, ndipo mphunzitsi aliyense ali ndi ufulu woitsatira. Kusankha timu ndi ntchito yake. Bodi ikayamba kumuuza woti asewere, ndiye kuti mphunzitsi palibe.

Ndalama zomwe sizitsika limodzi ndi wosewera

Chomwe mphunzitsi alibe nacho ufulu ndi ndalama. Mu NRL muli lamulo lotchedwa salary cap, lomwe limaika malire a ndalama zomwe kalabu ingalipire osewera ake onse pa chaka, kuti makalabu olemera asamangogula aliyense. Mu 2016 malirewo anali madola a ku Australia 6.8 miliyoni kwa osewera 25 olandira zambiri pa kalabu. Mukagawa mofanana, aliyense akanalandira madola pafupifupi 270,000. Farah anasaina kontirakiti mu 2013 yothera kumapeto kwa 2017, ndipo manyuzipepala ankati m'zaka zomalizazo ankalandira madola pafupifupi 900,000 pa chaka. Ndiye kuti pa madola 100 alionse omwe kalabu inkaloledwa kulipira osewera, 13 ankapita kwa munthu mmodzi.

Kontirakiti ya NRL silonjeza kuti munthu azisewera m'timu yoyamba, koma imalonjeza malipiro. Wosewera akatsitsidwa, malipiro ake satsika ndi tambala yomwe, ndipo amawerengedwabe mu salary cap. Kalabu imatsala ndi njira zitatu, zonse zowawa. Ikhoza kumusunga ku timu yachiwiri n'kumamulipira zonse. Ikhoza kumumasula kuti apite kwina, koma kalabu yatsopanoyo imadziwa kuti mwapanikizika, choncho imangovomera kulipira gawo lochepa, ndipo gawo lomwe latsala kwa inu limadyabe salary cap yanu ngakhale munthuyo akuvala jezi ya adani. Kapena ikhoza kumulipiriratu zonse kuti kontirakiti ithe, zomwenso zimawerengedwa.

Pali msampha wina womwe makalabu ambiri amadzitchera okha. Akafuna kusunga katswiri koma salary cap ya chaka chimenecho yadzaza, amakonza kontirakiti yoti zaka zoyamba alandire zochepa, zomaliza alandire zambiri. Lero zimaoneka zanzeru. Koma zaka zomalizazo ndi zomwe wosewerayo wakula, mawondo ayamba kuvuta, ndipo anyamata omwe munalera afika pofuna malipiro enieni. Nthawi zambiri amene anasainira kontirakitiyo amakhala atachoka kalekale, ndipo mphunzitsi watsopano amapeza ngongole yomwe sanatenge iye. Wests Tigers italengeza mu August 2015 kuti Farah ali ndi ufulu wosaka timu ina, chifukwa chomwe inapereka chinali chomwechi, kupanikizika kwa salary cap.

Apa ndiye poyamba pomwe zinthu zinakhota. Kalabu inkanena za ndalama, pomwe manyuzipepala ankalemba kuti mphunzitsi wauza Farah kuti akakhala adzasewera m'timu yachiwiri. Zifukwa ziwirizi n'zosiyana, ndipo zili ndi eni ake osiyana. Ngati vuto ndi ndalama, woyankha ndi bodi ndi mkulu woyendetsa kalabu. Ngati vuto ndi kaseweredwe, woyankha ndi mphunzitsi. Zikasakanizidwa, aliyense amabisala kumbuyo kwa mnzake, ndipo ochemerera amaona kuti akunamizidwa ngakhale zifukwa zonse ziwiri zitakhala zoona.

Nyumba ya eni awiri

Wests Tigers si kalabu wamba. Inabadwa mu 1999 pomwe makalabu awiri akale, Balmain Tigers ndi Western Suburbs Magpies, onse oyamba mu 1908, anaphatikizana kuti apulumuke, ndipo inayamba kusewera mu 2000. Kuyambira pamenepo mipando ya m'bodi yakhala ikugawidwa poyang'ana mbali ziwirizi, ndipo kukokana sikunathe. Mu 2014, mbali ya Balmain ili m'mavuto a zachuma, bodi inakonzedwanso ndipo munalowa anthu oima paokha, mmodzi mwa iwo Marina Go yemwe anakhala wapampando.

Taonani kusintha kwa anthu pa zaka zochepa. Tim Sheens, mphunzitsi amene anatenga chikho cha 2005, anachotsedwa kumapeto kwa 2012. Mick Potter anakhala zaka ziwiri, 2013 ndi 2014, ndipo chaka chake chomaliza chinadzaza ndi mphekesera zoti sakugwirizana ndi osewera akuluakulu, dzina la Farah likutchulidwa. Taylor analowa kukonzekera 2015. Mkulu woyendetsa kalabu, Grant Mayer, anachoka pakati pa 2015, ndipo Justin Pascoe anabwera chakumapeto kwa chaka chomwecho. Kutanthauza kuti mu August 2015, pomwe kalabu inkauza kaputeni wake kuti asake kwina, mpando wa mkulu woyendetsa kalabu unali ndi wongogwirizira. Chiganizo chachikulu chotere chinapangidwa pa nthawi yomwe munthu woyenera kuchisenza ndi kuchifotokoza kwa anthu panalibe.

Pa kalabu yomwe aphunzitsi ndi mabwana amasinthasintha chonchi, wosewera amene wakhala zaka 12 amasanduka mzati. Atolankhani amamudziwa, othandiza kalabu ndi ndalama amamudziwa, ochemerera amamukhulupirira kuposa bwana aliyense wa suti. Si kulakwa kwake. Mphamvu zimenezo anapatsidwa ndi kufooka kwa omwe anali pamwamba pake. Koma mphunzitsi watsopano akafika amaona munthu wotereyu ngati boma lachiwiri m'chipinda chovalira, ndipo ena amaganiza kuti njira yokhayo yoonetsera kuti ndani wamkulu ndi kumuchotsa.

Farah anakana kupita. Ochemerera anaima naye, ndipo kontirakiti inali m'manja mwake. Anatula pansi ukaputeni, Aaron Woods n'kutenga, ndipo onse analowa mu 2016 ngati zatha. Bodi inali ndi miyezi ingapo ya nthawi yopuma yoti isankhe chimodzi: kuima ndi mphunzitsi n'kulipira mtengo wake nthawi yomweyo, kapena kuuza mphunzitsi kuti munthuyu akhala, pezani njira yogwirira naye ntchito. Sinasankhe. Inasiya anthu awiri omwe aliyense ankadziwa kuti sakufunana kuti azionana m'mawa uliwonse pa bwalo lokonzekera.

July 2016

Chinapweteka kwambiri ndi nthawi yake. Chaka chilichonse zigawo za New South Wales ndi Queensland zimakumana katatu pa mpikisano wa State of Origin, womwe ndi wapamwamba kwambiri mu rugby league ya ku Australia. Mu 2016 mphunzitsi wa New South Wales, Laurie Daley, anasankha Farah kukhala hooker pa masewera onse atatu. Patangopita sabata imodzi kapena ziwiri chithereni mpikisanowo, munthu amene ankaonedwa kuti ndi nambala 9 woyenera kuimira chigawo chonse anauzidwa kuti sakukwana pa osewera 17 a kalabu yake. Anakasewera m'timu yachiwiri pa Leichhardt Oval polimbana ndi Newtown Jets, ndipo anthu ndi makamera anakhamukira kumeneko kuposa momwe zimakhalira pa masewera a ligi yaing'onoyo.

Kodi Taylor analakwa? Tikayang'ana m'bwalo mokha, n'kovuta kumutsutsa. Mu 2015 timuyi inamaliza pa nambala 15 mwa matimu 16. Mu 2016 inamaliza pa nambala 9, pointi imodzi kumbuyo kwa Gold Coast Titans, pomwe matimu asanu ndi atatu oyambirira ndiwo amalowa m'ndime ya mafainolo. Sabata yomwe Farah anatsitsidwa, timu inagonjetsa St George Illawarra, ndipo Moses anayamba kusewera momasuka. Inafika pa tsiku lomaliza ili ndi mwayi, ngakhale Tedesco anali atathyoka chibwano masabata angapo m'mbuyomo. Komabe tsiku lomalizalo ndi lija la 52 kwa 10, ndipo zomwe anthu anatengera kunyumba ndi chithunzi cha munthu wa pachikwangwani uja.

Nkhani ya masewera 250 ena amaiona ngati yachibwana, poti timu sisankhidwa pofuna kukwaniritsa manambala a munthu. N'zoona. Koma apa mpomwe mtsogoleri wodziwa anthu amasiyana ndi wodziwa mpira wokha. Mu 2016 timu inkaloledwa kusintha osewera kasanu ndi katatu pa masewera amodzi, ndipo pa benchi pankakhala anthu anayi. Kumupatsa mphindi 20 kuchokera pa benchi kwa masabata atatu kukanadya malo amodzi a wosewera wamphamvu wa kutsogolo, zomwe ndi mtengo weniweni kwa timu yomwe ikulimbirana malo. Mphunzitsi akhoza kunena kuti sangakwanitse. Koma bodi inayenera kuwerengera mbali inayo: mkwiyo wa mamembala olipira, zomwe osewera ena akuphunzira poona momwe kalabu ikuchitira ndi munthu amene anaipatsa moyo wake wonse, ndi mtengo womwe udzafunike kuti munthuyo achoke mwamtendere. Mtengo womalizawu ndi umene unadzawapweteka.

Bilu ikubwera

Farah anapita ku South Sydney Rabbitohs kukayamba 2017, Wests Tigers ikulipirabe gawo lalikulu la malipiro ake a chaka chimenecho. Masewera oyamba a 2017 anali a matimu awiri omwewa, ndipo Tigers inapambana 34 kwa 18. Kenako inagonja 36 kwa 2 ndi Penrith, n'kugonjanso 46 kwa 6 ndi Canberra. Mu March momwemo, patangotha masewera atatu, bodi inamuonetsa Taylor msana wa njira.

Apa mpofunika kuima pang'ono. Bodi inalola mphunzitsi kuchotsa wosewera wake wodziwika kwambiri, inavomera kulipira ndalama zambirimbiri kuti munthuyo azisewerera adani, ndipo patapita miyezi isanu ndi umodzi inachotsa mphunzitsi yemweyo. Ngati inkamukhulupirira mu September, masewera awiri oipa sakanasintha maganizo ake mu March. Ngati inkamukayikira kale, sinayenera kumulola kupanga chiganizo chodula chotere, chomwe zotsatira zake zikanatsala iye atapita. Mbali iliyonse yomwe mungaione, funso likubwerera kwa omwe anakhala pa tebulo la bodi, koma amene ananyamula katundu wake ndi mphunzitsi yekha. Paja amati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma m'makalabu ambiri nkhonyazo zimathera pa mutu wapakati.

Ndipo anyamata aja omwe ankawakonzera njira? Tedesco, Woods, Moses ndi Brooks onse makontirakiti awo ankatha kumapeto kwa 2017, chinthu chomwe mwa icho chokha ndi kulephera kwa ofesi, chifukwa kalabu yosamala simalola kuti mizati yake inayi ikhale pa msika nthawi imodzi. Moses anapita ku Parramatta chaka chisanathe n'komwe. Tedesco anapita ku Sydney Roosters komwe anatenga chikho mu 2018 ndi mu 2019. Woods anapita ku Canterbury. Anatsala Brooks yekha. Aliyense anali ndi zifukwa zake, ndipo sitinganene kuti anachoka chifukwa cha Farah. Koma dongosolo lomwe anthu anauzidwa, loti tikuchotsa wamkulu kuti ana akule, linatha pasanathe chaka.

Mphunzitsi watsopano, Ivan Cleary, anabweza Farah pakati pa 2018. Masewera a 250 aja anakwana mu July chaka chimenecho, mochedwa ndi zaka ziwiri.

Pangano lomwe silinaululidwe

Mu December 2018 akuluakulu a NRL, motsogozedwa ndi Todd Greenberg, analengeza kuti apeza pangano lomwe Wests Tigers inachita ndi Farah pomwe ankachoka mu 2016. Kalabu inamulonjeza ntchito yokhala kazembe wake akadzapachika nsapato, ya madola 639,000 pa zaka zinayi, ndipo sinauze ofesi yoyang'anira salary cap. NRL inatinso kalabuyi inapereka pempho losocheretsa lokhudza momwe ndalama zomwe inalipira Farah pochoka ziwerengedwere. Chilango choyamba chinali chindapusa cha madola 750,000, kuchotseredwa madola 639,000 pa salary cap ya 2019, ndi kulanda Pascoe chilolezo chogwira ntchito mu ligi. Kalabu itadandaula, chindapusa chinatsika kufika pa 375,000, ndalama za salary cap zinagawidwa pa zaka ziwiri, 2019 ndi 2020, ndipo Pascoe anaimitsidwa kwa miyezi isanu ndi umodzi kenako n'kubwerera pa mpando. NRL inanena poyera kuti Farah sanalakwe kanthu.

Kalabu inkadziteteza kuti ntchitoyo inali njira yolemekezera munthu amene sanachitiridwe bwino, ndipo sinkakhudzana ndi kontirakiti yake yosewera. Mwina mtima unalidi umenewo. Koma lamulo la salary cap siliyang'ana mtima. Chilichonse chamtengo chomwe kalabu yalonjeza wosewera, kaya ndi galimoto, nyumba, kapena ntchito ya mtsogolo, chiyenera kulembedwa ndi kuperekedwa kwa oyang'anira kuti iwo ndiwo aweruze ngati chikuwerengedwa. Chifukwa chake n'chosavuta: pakanapanda lamuloli, kalabu iliyonse ikanamalipira katswiri theka lero, theka linalo n'kulibisa mu ntchito ya dzina lokha ya mawa. Ndipo ligi imeneyi sinyengerera pa nkhani zotere. Mu 2010 Melbourne Storm inalandidwa zikho za 2007 ndi 2009, ndipo mu 2016 momwemo Parramatta inachotseredwa mapointi 12. Aliyense wa mu ofesi ya kalabu ya NRL chaka chimenecho ankadziwa kuopsa kwa pepala losaululidwa.

Mukaphatikiza, kutsitsa wosewera mmodzi kunadyera kalabu malipiro a munthu wosewera m'timu yachiwiri, gawo la malipiro ake ku South Sydney, chindapusa, madola 319,500 pa chaka kwa zaka ziwiri omwe sanathe kugulira osewera, ndi miyezi isanu ndi umodzi yopanda mkulu woyendetsa kalabu. Madola 319,500 ndi malipiro a wosewera mmodzi wodalirika wa timu yoyamba. Mu 2019 timuyi inamalizanso pa nambala 9.

Momwe zimayenera kuyendera

Chodabwitsa n'chakuti Farah yemweyo anatsitsidwanso ku South Sydney, ndipo kunalibe phokoso. Mu 2018 mphunzitsi Anthony Seibold anasankha Damien Cook kukhala nambala 9, ndipo Farah anakasewerera North Sydney Bears mu ligi yachiwiri. Kusiyana kwake kunali koonekeratu. Wolowa m'malo analipo, mmodzi, wodziwika ndi dzina, ndipo ankasewera bwino moti chaka chomwecho anatenga jezi ya New South Wales. Chifukwa chinali chimodzi, cha m'bwalo. Panalibe mbiri ya chaka chathunthu ya kukankhana m'manyuzipepala. Ndipo mpata utapezeka pakati pa chaka, kalabu inamumasula. Ku Tigers mu 2016 kunalibe Cook: Matt Ballin yemwe anagulidwa kuchokera ku Manly anavutika ndi bondo, Jacob Liddle anali akungoyamba kumene, ndipo malowo ankagwirizira anthu ngati Dene Halatau omwe ntchito yawo yeniyeni inali ina.

Makalabu omwe amadutsa bwino pa nkhani yotereyi amayamba kuikonza kudakali chaka kapena kuposerapo, monga nkhanga zinapangana kusanapse. Mphunzitsi amabweretsa maganizo ake kwa mkulu woyang'anira za mpira ali ndi umboni m'manja: mavidiyo, kuchuluka kwa adani omwe wosewerayo akuwaphonya, liwiro lomwe mpira ukuchokera m'manja mwake, ndi dzina la amene alowe m'malo. A zachuma amawerengera njira zonse zitatu zija pa zaka zonse zotsala za kontirakiti, osati chaka chino chokha. Bodi imamva zonsezi, imavomera kapena kukana, ndipo chiganizo chake chimalembedwa mu maminitsi, kuti tsiku lina pasadzapezeke wonena kuti ine sindinkadziwa. Funso lomwe bodi iyenera kudzifunsa pa msonkhano umenewo ndi lakuti: mphunzitsi ameneyu tidzakhala naye chaka chamawa ngakhale atagonja masewera asanu otsatizana? Yankho likakhala lokayikitsa, chiganizo chodula chidikire.

Kenako wosewerayo amauzidwa pamaso, mphunzitsi ndi mkulu wa kalabu ali pomwepo, iyenso ali ndi womuimira wake, nkhani isanafike kwa mtolankhani aliyense. Amauzidwa chifukwa chenicheni, ndipo ngati pali chomwe angachite kuti abwerere m'timu amauzidwanso. Ngati palibe, asanamizidwe kuti chitseko n'chotsegula. Osewera akuluakulu anzake amauzidwa tsiku lomwelo, chifukwa m'chipinda chovalira nkhani imayenda msanga kuposa mu ofesi. Polankhula ndi anthu, za kaseweredwe ayankhe mphunzitsi, za ndalama ayankhe mkulu wa kalabu kapena wapampando, ndipo asasiye mphunzitsi yekha pamaso pa makamera sabata ndi sabata akuyankha mafunso a kontirakiti yomwe sanasainire. Chilichonse cholonjezedwa potsazikana, ngakhale chitaoneka ngati mphatso, chipite kwa oyang'anira salary cap chisanasainidwe. Pa zonsezi, chomwe chimalumphidwa kawirikawiri ndi cha maminitsi chija, poti anthu a m'bodi sakonda kuti dzina lawo lioneke pa chiganizo chomwe ochemerera adzadana nacho.

Farah anapachika nsapato kumapeto kwa 2019 atasewera masewera 303 a NRL, 277 mwa iwo a Wests Tigers. Omaliza anali pa Leichhardt Oval pomwepo, polimbana ndi Cronulla, timu ikufunikanso kupambana kuti ilowe m'mafainolo. Anali ndi mwendo wothyoka womwe unali usanapole, ndipo anaitanidwa mwadzidzidzi mnzake atavulala pokonzekera. Anagonja 25 kwa 8.

Funso la bodi linadikira mpaka December 2023. Timu itamaliza kumchira kwa ligi zaka ziwiri zotsatizana, 2022 ndi 2023, ndipo isanalowepo m'mafainolo chichokereni 2011, eni kalabuyi, a Holman Barnes Group, anaitanitsa kafukufuku wa anthu akunja pa kayendetsedwe ka kalabu. Zotsatira zake zitatuluka, bodi yonse inachotsedwa pamodzi ndi wapampando wa nthawiyo Lee Hagipantelis, ndipo Pascoe anatula pansi udindo. Pofika tsikulo, kuchokera pomwe Taylor anachotsedwa, pa mpando wa mphunzitsi panali patadutsa Cleary, Michael Maguire, ndi Sheens amene anabwereranso, ndipo panali patakhala Benji Marshall, mnzake wa Farah wa m'timu ya 2005.